Mabuku a Zithunzi za Asilikali: Ubwino Wake ndi Kuperewera Kwake

Munthu woyenda m'mizinda ya Zambia amakomana ndi maina ena acilendo, amene sali a Cinyanja kapena a Cibemba, ngakhalenso a Cingerezi. Ku Ndola kuli msasa wa asilikali wa Tug Argan ndi wina wa Kalewa. Ku Kabwe kuli Chindwin, ku Chipata kuli Gondar, ndipo m'Lusaka muli Arakan. Anthu amachula maina amenewa tsiku ndi tsiku pokwera basi, koma owerengeka okha ndiwo adziwa kumene anacokera. Tug Argan ndi mpata wa pakati pa mapiri ku Somaliland, kumene asilikali a Northern Rhodesia Regiment analimbana ndi Ataliyana mu Ogasiti 1940. Gondar ndi mzinda wa ku Ethiopia umene unagwa mu Novembala 1941. Kalewa, Chindwin ndi Arakan ndi maina a ku Burma, dziko limene lero lichedwa Myanmar, kumene anyamata a kuno anamenya nkhondo ndi Ajapani mu 1944 ndi 1945.

Wofuna kudziwa mbiri ya anthu amenewa angathe kufunafuna mabuku akulu olembedwa kale. Mu 1954 W. V. Brelsford anasonkhanitsa mbiri ya Northern Rhodesia Regiment m'buku limodzi, ndipo mu 1956 H. Moyse-Bartlett anatulutsa buku la masamba opitirira 700 lonena za King's African Rifles. Mabuku awiriwa ndi nkhokwe zenizeni, koma ndi osowa, ndipo Cingerezi cake cimatopetsa munthu wongocoka kumene pa sukulu. Ulipo mtundu wina wa mabuku, aang'ono ndi opyapyala, odzaza ndi zithunzi za utoto, amene anthu ambiri amayambirapo. Amenewa ndiwo ayenera kuyesedwa pano, kuti cidziwike cimene angapatse wowerenga ndi cimene sangathe kumpatsa.

Ochuka koposa ndi a kampani ya ku Britain yochedwa Osprey, dzina la mbalame yodya nsomba yonga nkhwazi. Mu 1971 kampaniyi inayamba kusindikiza mndandanda wa mabuku wochedwa Men-at-Arms, ndipo mabuku a mndandanda umenewu anapitirira kale 500. Kapangidwe kake kamafanana. Ambiri ali ndi masamba 48, ndipo pakati pake pali masamba asanu ndi atatu a zithunzi za utoto zosonyeza asilikali ataimirira ndi zobvala ndi zida zao. Kumapeto kuli mau ofotokoza cithunzi ciri conse: cisoti ici cinayamba kubvalidwa liti, lamba uyu anali wa cikopa kapena wa nsalu, mfuti iyi inapangidwa kuti. Ena mwa mabukuwa akhudza dera lino. Mu 2002 kunatuluka buku la Peter Abbott lochedwa Armies in East Africa 1914–18, lokhala ndi zithunzi za Raffaele Ruggeri, ndipo mu 1986 Abbott yemweyo pamodzi ndi Philip Botham anali atalemba la nkhondo ya ku Rhodesia ya 1965 mpaka 1980.

Ogula mabukuwa kawirikawiri sali asilikali kapena aphunzitsi a mbiri, koma anthu wamba amene amakonda za asilikali pa nthawi yao yopuma. Ena amagula tidole ta asilikali ta pulasitiki kapena ta citsulo cofewa, totalika ngati cala, napaka utoto mosamala kuti tifanane ndi asilikali enieni. Ena amasonkhanitsa mamendulo, mabaji ndi mabatani akale. Enanso amandandalika tidoleto pa thebulo, nabwereza nkhondo zakale potsata malamulo olembedwa. Mlembi wochuka H. G. Wells analemba kabuku ka malamulo a masewera otere mu 1913. Alipo amene amaseka pomva kuti munthu wamkulu ndi ndebvu zake amaseweretsa tidole. Koma amene anaonapo mnyamata akupinda mawaya kupanga galimoto, kapena mbusa wa ng'ombe akuumba nkhunzi ya dothi ndi linunda lake, adziwa kuti wopanga cifaniziro amayang'anitsitsa kupambana woyang'ana cabe. Sangapange cimene sanacione bwino, ndipo cifukwa ca ici amafunsa mafunso amene ena safunsa.

Ubwino woyamba wa mabukuwa ndi wakuti cithunzi cimafika pamene mau alephera. Buku lalikulu likanena kuti gulu la asilikali linayenda kucokera ku Zomba kunka ku Karonga, wowerenga amangoona mthunzi wa anthu m'maganizo mwake. Koma akaona msilikali wa King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, atabvala cisoti cofiira copanda mlomo, kabudula wa khaki ndi nsalu zokulunga m'miyendo, wina wopanda nsapato, pomwepo mthunzi uja usanduka munthu. Zithunzi za kamera za masiku amenewo sizikwanira pa nchito iyi. Zinali zopanda utoto, ndiponso filimu yakale inali kusonyeza cofiira ngati cakuda, ndi cobiriwira conga thambo ngati cotuwa. Cotero wojambula ndi manja amayenera kuphatikiza zithunzi zakalezo ndi malamulo olembedwa a kabvalidwe, zobvala zotsala zosungidwa m'nyumba za zinthu zakale, ndi zimene analemba anthu amene analipo. Akaicita mokhulupirika nchito imeneyi, amabwezera maso a wowerenga cinthu cimene kamera inataya.

Ubwino waciwiri ndi wakuti tinthu tating'ono timene wokonda tidole amasamala nato timabvumbula zifukwa zazikulu. Pamene nkhondo inayamba mu 1914, asilikali akuda ambiri a Ajeremani ku East Africa anali ndi mfuti yakale ya Mauser ya mtundu wa 1871, yolowa cipolopolo cimodzi cimodzi, ndi yogwiritsa wonga wotulutsa utsi wambiri. Msilikali akawombera ali m'chire, utsi unali kuulula pamene wabisala, pamene mfuti zatsopano zinali za wonga wopanda utsi. Munthu akadziwa ici amamvetsa cifukwa cace mtsogoleri wao, Paul von Lettow-Vorbeck, anali ndi njala ya kulanda zida za adani. Pa 25 Novembala 1917 anaoloka mtsinje wa Rovuma nagonjetsa Apwitikizi pa Negomano, nalandapo mfuti, zipolopolo ndi zobvala. Kusintha kwa mfuti m'manja mwa msilikali wa pa cithunzi ca 1914 ndi wa pa cithunzi ca 1918 kumafotokoza m'mene gulu lolandira thandizo locepa kucokera kwao linapiririra zaka zinai. Mwa njira yotere wofunsa za batani amafika pofunsa za nkhondo yonse.

Ubwino wacitatu ukhudza mabanja ambiri a m'Zambia ndi Malawi. M'masutikesi ndi m'mabokosi a m'midzi muli mamendulo a agogo amene adzukulu sadziwa tanthauzo lake. Buku la zithunzi limathandiza kuwawerenga. Mendulo yonga nyenyezi yokhala ndi kansalu kofiira pakati, ndi mizere ya buluu wakuda ndi ya mtundu wa lalanje m'mbali, ndiyo Burma Star, ndipo ionetsa kuti mwiniwake anafika ku Burma. Ya kansalu konga mcenga, kokhala ndi mzere wofiira pakati, ndiyo Africa Star, imene inaperekedwa kwa omenya nkhondo kumpoto ndi kumpoto cakum'mawa kwa Africa pakati pa 1940 ndi 1943. Mamendulo ozungulira a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ali ndi dzina la msilikali, nambala yake ndi gulu lake zolembedwa m'mphepete. Banja lodziwa zimenezi silifulumira kugulitsa mendulo kwa wopita m'njira pa mtengo wa thumba la ufa, pakuti lazindikira kuti ndi kalata yokhayo imene gogo anasiya.

Pali ubwino winanso, ndiwo ufupi wake. Masamba 48 munthu amawamaliza madzulo awiri, ndipo amatuluka ali ndi mafupa a nkhaniyo: magulu amene analipo, atsogoleri ao, zaka ndi malo. Wongocoka pa sukulu amene akadathawa buku la masamba 700 sathawa kabuku kotere, ndipo akakawerenga amapeza mphamvu ya kulowa m'buku lalikulu lija.

Koma akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuperewera koyamba kwa mabukuwa kuli m'kukongola kwake komwe. Msilikali wa pa cithunzi kawirikawiri ndi wathanzi, waima njo, zida zake zonse ziri m'malo mwake. Wojambula sacita ici mwa cinyengo. Afuna kuti wopaka tidole aone lamba ali yense ndi thumba liri lonse. Ojambula ena amayesa kusonyeza zigamba ndi matope, komabe cithunzi sicinunkha, sicimva njala, sicinjenjemera ndi malungo. Pa nkhondo ya ku East Africa matenda anapha anthu ambiri kuposa zipolopolo: malungo, kamwazi, cibayo, ndi kumapeto kwake mliri wa fuluwenza wa 1918. Pamene Lettow-Vorbeck analowa m'Northern Rhodesia mu Novembala 1918, nalanda Kasama, nalandira pa mtsinje wa Chambeshi uthenga wakuti nkhondo yatha ku Ulaya, anthu ake anali atabvala zolanda ndi zosoka okha. Amene anapereka zida ku Abercorn, imene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala, anali Azungu 155 ndi asilikali akuda opitirira 1,100, otsala a gulu limene linali lalikulu kwambiri. Mnyamata woyang'ana zithunzi zokha angathe kuganiza kuti nkhondo ndi perete wamkulu, ndipo maganizo otere ndi oopsa m'mutu wa munthu wa zaka za kulembedwa usilikali.

Kuperewera kwaciwiri ndiko kwakukulu. Buku lonena za yunifomu limakondera amene anali ndi yunifomu, ndipo ambiri a anthu a kuno amene nkhondo ya 1914 inawatenga analibe. Iwo anali amtengatenga. Ng'ombe ndi akavalo zinali kufa ndi kashembe, miseu ya galimoto inali yocepa, ndipo kucokera pa njanje kufika ku malire a kumpoto unali mtunda wa mamailosi opitirira 500. Cotero ufa, zipolopolo ndi mankhwala zinayenda pa mitu ya anthu, ndi m'mabwato opyola m'madambo a Bangweulu. Mtengatenga anali kusenza katundu wolemera mapaundi 50 kapena 60, ndipo naye anayenera kudya. Ngati adya mapaundi awiri pa tsiku, ulendo wa masiku 15 kupita ndi masiku 15 kubwerera umatha katundu yense wa mapaundi 60, osatsala kanthu kofikitsa kwa msilikali. Ici ndico cifukwa cace msilikali mmodzi wa kutsogolo anafuna amtengatenga ambiri kumbuyo kwake, ndipo boma linakakamiza mafumu kupereka amuna mpaka minda inasowa olima. Angerezi analemba amtengatenga pafupifupi 1,000,000 pa nkhondo ya ku East Africa yonse, ndipo pafupifupi 95,000 a iwo anafa.

M'mabuku a zithunzi mtengatenga amapatsidwa malo ocepa, pakuti munthu wobvala nsanza ndi bulangete alibe baji loti wosonkhanitsa alisirire. Apa mabukuwa atsata cizolowezi cakale. Mu 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linabvomera poyera kuti anthu osacepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba ija, ndipo kapena ofika 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina ao monga anakumbukiridwira Azungu, ndipo ena sanakumbukiridwe konse. Amene anasowa pa mwala wa cikumbutso ndi yemweyo amene asowa pa tsamba la utoto. Wowerenga wa ku Chipata kapena ku Petauke wofunafuna gogo wake m'zithunzizo angathe kupeza msilikali amene gogoyo anamsenzera katundu, osampeza mwini wakeyo.

Kuperewera kwacitatu kuli pa mau amene amamveka m'mabukuwa. Olemba amadalira malipoti a maofesala ndi makalata a boma, ndipo maudindo apamwamba anali m'manja mwa Azungu. Cotero wowerenga amamva zimene mtsogoleri analamula, koma samva zimene wolamulidwa anaganiza. Samva funso limene John Chilembwe anafunsa m'kalata yake yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, pamene anadandaula kuti anthu akuda ali kukhetsa mwazi pa nkhondo imene siinali yao, miyezi iwiri asanaukire boma mu Januwale 1915. Poyerekeza, buku la Melvin Page lochedwa The Chiwaya War, limene linatuluka mu 2000, linamangidwa pa zimene asilikali akale ndi amtengatenga a ku Malawi anafotokoza ndi pakamwa pao. Dzina lenilenilo la nkhondo ya ciwaya linacokera kwa anthu a kumudzi, amene anacha nkhondo yonse ndi dzina la mfuti yolira mosalekeza ija. Buku la Page silingathandize munthu kusankha utoto wa cisoti, koma limamuuza cimene cinali m'mutu umene unabvala cisotico.

Tsono pali ngozi ina yaing'ono imene okonda tidole eni ake amaidziwa. Cithunzi ca utoto cimaoneka cotsimikizika ngakhale pamene umboni unali wocepa. Wolemba angathe kunena kuti kapena cinali cotere, koma wojambula sangajambule mau akuti kapena; ayenera kusankha mtundu umodzi napaka. Wojambula wina akatengera cithunzico osafufuza, colakwa cimabala ana, ndipo patapita zaka anthu amaciyesa coonadi cifukwa anaciona m'mabuku atatu. Ici ndico cifukwa cace mau ofotokoza zithunzi a kumapeto kwa buku ndi ofunika kuposa zithunzi zomwe. Buku labwino limanena poyera kuti cithunzi ici cinatengedwa pa cithunzi ca kamera ca caka cakuti, ndi kuti mbali iyi ndi yongoganizira. Buku losanena kumene linatenga zithunzi zake liyenera kukayikiridwa, ngakhale likongole cotani.

Siciri coona kuti kukonda maonekedwe a asilikali ndi mwambo wa ku Ulaya kokha. Asilikali ndi amtengatenga atabwerako ku nkhondo yoyamba, magule otsanzira perete anafalikira m'maiko ano: beni, malipenga a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndi mganda umene ubvinidwa pakati pa Acewa ndi Atumbuka. Obvina amaima m'mizere, amabvala zoyera zositidwa bwino, ali ndi maudindo ao, ndipo amaliza malipenga opangidwa ndi zikho. J. Clyde Mitchell, polemba mu 1956 za gule wa kalela wa ku Luanshya, anaonetsa kuti naye anacokera ku mbeu yomweyo ya beni. Obvinawa anasunga m'miyendo ndi m'nyimbo zimene wopaka tidole amasunga ndi utoto, ndipo anaonjezapo nthabwala ndi citonzo, zimene buku la zithunzi liribe. Wokonda za asilikali wa kuno ali ndi mwai umene mnzake wa ku London alibe, pakuti angathe kuika cithunzi ca m'buku pambali pa gule wamoyo, naona cimene anthu anatola kwa asilikali ndi cimene anasiya.

Wowerenga wanzeru, tsono, agwiritse nchito mabukuwa monga mlenje agwiritsira nchito mapazi a nyama: amamlozera njira, koma sindiwo nyamayo. Ayambe ndi mau ofotokoza, kenaka ayang'ane zithunzi. Pa cithunzi ciri conse adzifunse kuti munthu uyu anadya ciani, anamsenzera ndani, ndipo analowa usilikali mwa kufuna kwake kapena mokakamizidwa. Aone caka cimene buku linasindikizidwa, pakuti zofufuza zatsopano zimakonza zakale. Akatha apo afunefune buku lalikulu, apite ku nyumba za zinthu zakale monga Livingstone Museum kapena Moto Moto Museum ya ku Mbala, ndipo ngati ali pafupi akaone cikumbutso ca pa Chambeshi cimene cinaimikidwa mu 1953. Koposa zonse afunse akulu a m'banja lake. Omenya nkhondo ya 1914 anatha onse, ndipo a nkhondo ya 1939 mpaka 1945 otsala ndi owerengeka, a zaka pafupifupi 100. Amene atsala ambiri ndi ana ao, amene anamva nkhani za ku Burma pa moto madzulo, ndipo nawonso tsitsi lacita imvi.

Mabuku a zithunzi za asilikali ayenera kuyamikidwa pa nchito imene anapangidwira. Amaphunzitsa diso kusamala, amapatsa munthu maina ndi zaka zoyambirapo, ndipo amasandutsa masewera a tidole kukhala khomo la maphunziro. Colakwa cimabwera pamene wowerenga ayesa masamba asanu ndi atatu a utoto kukhala nkhondo yonse. Ndiponso mabukuwa alembedwa m'Cingerezi, ndi anthu a kutali, kulembera ogula a kutali, ndipo sangadzudzulidwe kwambiri posiya zimene ogula aowo sanafunse. Mpata umene asiya ndi wa achinyamata a kuno odziwa kulemba ndi kujambula. Kabuku ka m'Cinyanja ka masamba 48, kosonyeza msilikali wa ku Tug Argan ndi mfuti yake, mtengatenga ndi nkhata yake pamutu, wopalasa bwato wa ku Bangweulu, ndi mai wotsala kumudzi akusinja ufa wa asilikali, kali konse kojambulidwa mosamala ndi kofotokozedwa kumene kanacokera, kangakhale cuma m'sukulu iri yonse. Luso la kapangidwe kake lingaphunziridwe kwa alendo aja, koma nkhani zake ziri m'midzi, ndipo ziyenera kulembedwa owadziwa akali ndi moyo.